Kulawa Ferrari, Lamborghini kapena Porsche kwa mphindi zochepa: mafunso ndi mayankho

Chitumizireni kumudzi kanema woonetsa ine ndikutuluka mu Lamborghini miyendo ili njenjenje, mafunso sakutha. Ena amafunsa pa foni, ena amadikira ndibwere pa Khirisimasi n'kundigwira pakhonde. Ine si katswiri wa mipikisano. Ndimakhala ku Joni, galimoto yanga ya tsiku ndi tsiku ndi Polo yotopa, koma galimoto zothamanga kwambirizi ndaziyendetsapo kanayi: katatu pa bwalo la mpikisano kuno ku Gauteng, kamodzi pamsewu ku Italy. Mafunso amene amabwerabwera ndawaika pamodzi pano.

Galimoto zimenezi ndi ziti kwenikweni? Benz ya abwana ili m'gulu lomweli?

Ayi. Benz kapena BMW ya abwana anaipangira kunyamula anthu anayi kapena asanu mofewa, masutikesi ali kumbuyo. Zimene tikukamba pano ndi za mipando iwiri, zafupi moti denga lake limalekezera pang'ono pamwamba pa mchombo wa munthu wamkulu, ndipo zambiri injini imakhala kumbuyo kwa dalaivala. Mayina ake ndi Ferrari ya ku Maranello ndi Lamborghini ya ku Sant'Agata Bolognese, onsewa ku Italy, McLaren ya ku Woking ku England, ndi Porsche ya ku Stuttgart ku Germany.

Kuti kusiyana kwake kumveke, tengani Ferrari 488 GTB, imene inatuluka mu 2015. Injini yake ndi V8 ya malita 3.9 yokhala ndi maturbo awiri okankhira mpweya wambiri mu injini, ndipo eni ake amati ili ndi mahosipawa 670. Kuchoka poima kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola imatenga masekondi atatu, ndipo imatha kufika 330. Lamborghini Huracán yoyamba, ya 2014, ili ndi V10 ya malita 5.2, mahosipawa 610. Vitz ija ya injini ya lita imodzi imene yadzaza m'matauni kwathu ili ndi pafupifupi 70. Ndiye kuti mu Ferrari imodzi muli mphamvu za ma Vitz asanu ndi anayi n'kutsalako, pamene kulemera kwake ndi tani imodzi ndi theka basi.

Munthu wamba, wopanda ndalama zogulira, angaiyendetse?

Eya, ndipo ambiri amene amaziyendetsa kwa mphindi zochepa ndi anthu ngati ine ndi inu. Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kulipira kampani imene ili ndi galimotozi pa bwalo la mpikisano, muzungulire bwalolo kangapo mlangizi ali pambali panu. Yachiwiri ndi kulipira kuti muyende nayo pamsewu wamba, mlangizi ali momwemonso. Yachitatu ndi ya ofuna kugula, amene amapatsidwa kiyi ndi ogulitsa. Imeneyo ili ndi funso lake kumunsi.

Mukandifunsa ine, sankhani bwalo. Chifukwa chake muchiona pa funso la liwiro la 300.

Malo ake ali kuti?

Kwathu ku Malawi kulibe bwalo la tara lomangidwira galimoto zotere, choncho pafupi kwambiri ndi ku South Africa. Lotchuka ndi Kyalami, ku Midrand, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Linatsegulidwa mu 1961, mpikisano wa Formula One unkachitikira pamenepo mpaka komaliza mu 1993, ndipo mu 2014 linagulidwa ndi Toby Venter, mkulu wa Porsche ku South Africa, amene analikonzanso. Panopa ndi lotalika makilomita 4.5, makona 16. Koma Kyalami siikhala yotsegukira aliyense tsiku lililonse. Malo amene ambiri amayambira ndi Zwartkops, pafupi ndi Pretoria, bwalo lalifupi la makilomita 2.4. Ku Cape Town kuli Killarney.

Abale amene ali ku Britain ali pabwino kuposa tonse, chifukwa kumeneko malonda amenewa ndi ofala moti anthu amagulirana ngati mphatso ya tsiku lobadwa. Kuli Silverstone, kumene kunachitikira mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi wa Formula One mu 1950, kuli Brands Hatch ku Kent, Thruxton, ndi mabwalo akale a ndege ambiri amene anawasandutsa othamangitsirapo galimoto.

Ndiye pali Maranello, katauni kakang'ono kumwera kwa Modena kumene kuli fakitale ya Ferrari. Mukangotsika pafupi ndi nyumba yosungiramo mbiri ya Ferrari, anyamata ovala zofiira amakuthamangirani ndi timapepala, mofanana ndithu ndi oitanira minibasi, kungoti awa akuitanira Ferrari. Dziwani kuti amenewa ndi makampani oima paokha, si a fakitale. Bwalo la Fiorano, limene Ferrari inamanga mu 1972 kuti aziyeserapo galimoto zawo, silotsegukira alendo oyendetsa. Ofuna bwalo kumeneko nthawi zambiri amawatengera ku Autodromo di Modena.

Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito?

Ku South Africa imagwira, bola ikhale yosatha ntchito, popeza ndi ya m'Chingerezi ndipo ili ndi chithunzi chanu. Ku Britain mlendo amaloledwa kuyendetsa ndi laisensi ya kwawo kwa miyezi 12 kuchokera pamene walowa. Ikadutsa nthawi imeneyo, wa laisensi ya ku Malawi kapena ku Zambia ayenera kulemba mayeso a kumeneko, pamene ya ku South Africa ndi ya ku Zimbabwe amatha kusinthitsa. Ku Italy tengani International Driving Permit pamodzi ndi laisensi yanu yeniyeni.

Kampani iliyonse imaikanso malamulo ake pa zaka zakubadwa, kutalika kwa thupi ndi kulemera. Funsani musanalipire, makamaka ngati ndinu wamtali kwambiri, chifukwa mukavala chisoti mutu umatha kugunda denga.

Chimodzi chimene anthu amaiwala: ku Joni ndi ku Britain amayenda kumanzere ngati kwathu, koma ku Italy amayenda kumanja, chiwongolero chili kumanzere. Kuphunzira galimoto ya mahosipawa 600 ndi kuphunzira mbali yachilendo ya msewu nthawi imodzi si masewera. Ine pa raundabauti yoyamba ku Maranello ndinayang'ana kolakwika, mlangizi n'kukuwa.

Zimadya ndalama zingati?

Zimatengera galimoto, malo ndi nthawi. Ku Maranello mphindi 10 zimazungulira mayuro 100 kapena kuposa, ndipo mtengo umakwera mukasankha galimoto yatsopano kapena ulendo wa kumapiri. Ku Britain, pa mabwalo a ndege aja, kuzungulira kangapo ndi galimoto imodzi kumapezeka pa mapaundi osakwana 100. Chimene chimapweteka si mtengo wolembedwa pa chikwangwani ayi, koma zoonjezera zimene amakuuzani mutafika kale: kanema, zithunzi, kuzungulira kowonjezera, ndi ndalama yochepetsera chikole chimene amagwira mukawononga galimoto. Mtima ukakhala m'mwamba, chilichonse mumangoti eya. Konzani malire anu mukadali kunyumba.

Nanga ndikaiphwanya, ndigulitsa munda wa makolo?

Ili ndiye funso limene mayi anga anayamba nalo. Galimoto zimenezi zimakhala ndi inshulansi, koma pali gawo limene wowononga amalipira yekha inshulansi isanayambe, ndipo gawolo pa galimoto zotere limakhala lalikulu kokwana kugula galimoto ina yabwinobwino. Amakusainitsani pepala, ena amatsekanso ndalamayo pa khadi lanu la ku banki mpaka mutabweza kiyi. Pepalalo liwerengeni lonse, ngakhale pamzere pali anthu akukuyang'anani. Onani ngati matayala, marimu ndi pansi pa bampala zili mkati mwa inshulansi, chifukwa zimenezi ndi zimene zimawonongeka kawirikawiri ndipo ndi zimene amakonda kuzichotsamo. Inshulansi ya galimoto yanu ya kunyumba musaidalire. Zambiri sizikhudza chilichonse chochitika pa bwalo la mpikisano.

Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalawako. Pa kampani ina, imene sindiitchula, ndinalowa m'galimoto osaizungulira n'komwe, changu chitandipha. Pobwera, mnyamata wina anagwada pa tayala la kutsogolo, n'kuloza rimu yopalika m'mphepete ngati utali wa chala. Ndinkadziwa kuti sindinagunde kanthu, koma umboni ndinalibe. Chikole chinagwidwa. Chinandipulumutsa ndi chithunzi chimene mayi a kunyumba anandijambula ndikumwetulira pambali pa galimotoyo ndisanakwere. Titachikulitsa, kupalikako kunali pomwepo. Ndalama inabwera patatha milungu. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndazungulira galimoto yonse ndi foni, rimu iliyonse payokha, mwini wake akuonerera.

Ndivale chiyani? Ndidye kaye?

Nsapato zopyapyala pansi, zothina bwino. Majombo, patapata ndi nsapato zazitali kuchidendene ayi, chifukwa zopondera zili moyandikana ndipo phazi liyenera kumva chimene likuponda. Thalauzi ndi yabwino kuposa siketi kapena chitenje, muona chifukwa chake pa funso lotsatira. Chisoti amapereka pamene chikufunika. Nsima ya nkhomaliro idikire mpaka mutamaliza, makamaka ngati mlangizi adzakuzungulitsani iye akuyendetsa. Mowa, ngakhale wa dzulo usiku, sakambirana.

Kulowamo n'kovuta monga zimaonekera?

N'kovutadi, ndipo palibe amene amaoneka waulemu polowa koyamba. Mpando uli pansi penipeni, ngati mwakhala pa mphasa miyendo mutatambasula, ndipo pakati pa inu ndi mpandowo pali chipupa chachikulu cha m'mbali. Njira yake ndi kuyamba kukhala pansi chammbali, kenako kulowetsa miyendo umodziumodzi. Mu McLaren chitseko chimatsegukira m'mwamba, ndiye samalani mutu.

Mukakhala, dziko limasintha. Bampala ya pikapu imakhala pa msinkhu wa maso anu. Kutsogolo boneti simuiona, imangothera pansi. Pa galasi loonera kumbuyo mumaona kazenera kakang'ono ndi injini. Galimotoyo m'lifupi imatsala pang'ono kukwana mamita awiri, ndipo kumbuyo n'kotakata kuposa kumene mwakhala, choncho pamene mutu wadutsa si kuti matako adutsanso.

Musachite manyazi kutenga mphindi imodzi kukonza mpando. Ambirife tinazolowera kukhala chogona, dzanja limodzi pamwamba pa chiwongolero. Apa mlangizi amakusendezani kutsogolo mpaka zigongono zipindike, ndiponso kuti mukaponda buleki mpaka pansi bondo likhale lopindikabe. Manja onse awiri pa chiwongolero, lina mbali iyi lina mbali iyo, osachokapo.

Giya ili pati? Kilatchi bwanji sindikuiona?

Zambiri za masiku ano zilibe kilatchi yoponda. Zopondera ndi ziwiri, ndipo magiya amasinthidwa ndi tizitsulo tiwiri tokhala ngati makutu kuseri kwa chiwongolero: kokani ka kumanja giya ikwere, ka kumanzere itsike. Mkati mwa giyabokosi muli makilatchi awiri, imodzi yagwira giya imene mukuyendera, inayo yakonzeratu yotsatira, n'chifukwa chake kusintha kumachitika mosadukiza mphamvu. Mu Ferrari mumayatsa injini ndi batani lofiira la pa chiwongolero, mwaponda buleki, n'kukoka khutu la kumanja kulowa giya yoyamba. Mukakoka onse awiri pamodzi yabwerera pa nyutulo, ndipo rivesi ndi batani lolembedwa R pakati pa mipando. Mu Huracán batani lolizira analibisa pansi pa kachivundikiro kofiira kamene mumayamba mwakatukula. Ngakhale indiketa ili pa chiwongolero pomwepo, ndiye dzanja limafufuza kamtengo kamene kulibe.

Ferrari ndi Lamborghini anasiya kupanga za giya ya pamanja zaka zoposa khumi zapitazo. Porsche 911 GT3 ikupezekabe ndi giya ya pamanja kwa oifuna.

Ngati ndi koyamba, isiyeni pa otomatiki kuzungulira koyamba. Mutu uli kale ndi ntchito yambiri.

Kanthu kofiira kopotokola ka pa chiwongolero ka Ferrari n'kachiyani?

Amakatcha manettino, ndipo kanayamba ndi Ferrari F430 mu 2004. Kamauza kompyuta ya galimoto kuti ikuthandizeni mochuluka bwanji matayala akayamba kuterereka. Pa 488 kali ndi malo asanu: Wet, Sport, Race, CT Off ndi ESC Off. Mukamapita kumanja, chithandizo chimachepa, mpaka komaliza mwatsala nokha ndi mahosipawa 670 pa matayala awiri a kumbuyo. Lamborghini ili ndi zake: Strada, Sport ndi Corsa. Mlangizi amaika pamene akufuna, inu musakhudze. Makanema ambiri amene mumaona a galimoto zodula zitalowa m'ngalande potuluka pa shopu amayamba ndi munthu kuzimitsa zimenezi kuti aonetse anthu.

Ukaponda moto zimamveka bwanji?

Chinthu chogwa kuchokera pamwamba chimafika liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi atatu osakwana pang'ono. Galimoto zimenezi zimachita pafupifupi zomwezo, koma chopita kutsogolo. Ndiye thupi limamva ngati likugwa chagada: mutu umamatirira pa mpando, m'mimba mumachita ngati mwatsala kumbuyo, ndipo maso amachedwa kulondola zimene zikuchitika.

Nthawi yanga yoyamba inali mu Huracán. Kuzungulira koyamba ndinkayenda ngati ndanyamula mazira. Titatuluka pa kona yomaliza mlangizi anati, "Tsopano pondani, mpaka pansi." Ndinaponda, ndikuganiza kuti ndafika pansi. Iye anati, "Imeneyo ndi theka." Nditakankhadi phazi lonse, injini imene inali kuseri kwa khutu langa inasintha mawu, kuchoka pa kubangula kufika pa kulira kwakuthwa kumene kunkamveka m'mano. Ndinakoka khutu la kumanja, msana n'kulandira chibakera, kenako china. Ndimati ndiyang'ane liwiro, koma chikwangwani chosonyeza poyambira buleki chinali chitafika kale. Pa kanema uja mukumveka mawu a munthu akuitana mayi ake m'Chichewa. Ndine.

Injini zopanda turbo, monga ya Huracán kapena ya GT3 imene imazungulira mpaka 9,000 pa mphindi, mphamvu imakula pamene injini ikukwera, ndiye imakukokani kuti muiwonjezere. Za turbo, monga 488 ndi McLaren 720S, zimakankha mwamphamvu kuyambira pansi, phokoso lili locheperapo.

Ndifika pa 300?

Simufika. Pa bwalo lalifupi msewu wowongoka umatha musanayandikire n'komwe. Ine sindinadutsepo 200. Pamsewu wamba lamulo silisintha chifukwa galimoto ndi yofiira. Ku South Africa malire pamsewu waukulu ndi 120, ku Italy 130, ku Britain mamailosi 70 pa ola, ndipo misewu yozungulira Maranello yambiri ndi ya 50, 70 kapena 90, ya malole ndi makamera. Mphindi zanga 20 za kumeneko, zisanu ndinathera kumbuyo kwa lole yonyamula matailosi, chifukwa dera limenelo ndi la mafakitale a matailosi. Ferrari imadutsa malire a misewu imeneyi ikadali pa giya yachiwiri. Chindapusa chikabwera ndi chanu, ndi zimene munasainira.

Kumene kuli misewu ina yopanda malire ndi ku Germany, ndipo kumeneko kulinso Nürburgring, bwalo lakale la makilomita 20.8 limene masiku ena amalola aliyense kulowa atalipira. Limeneli si loyambirapo.

Ndiye ngati si liwiro, chodabwitsa kwambiri n'chiyani?

Mabuleki. Aliyense amapita akuganiza za kuthamanga, koma pobwera amakamba za kuima.

Pa liwiro la 100 mumadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Pa 200 ndi mamita 55, kutanthauza kuti bwalo lonse la mpira latha masekondi awiri asanakwane. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri koma kanayi. Galimoto ngati McLaren 720S imaima m'mamita pafupifupi 30 kuchoka pa 100, koma kuchoka pa 200 imafuna pafupifupi 120. Onjezanipo sekondi imodzi imene ubongo umatenga kuti uuze phazi, muona kuti ngakhale ndi mabuleki abwino chonchi mbuzi yodumpha msewu siipulumuka.

Madisiki ake ambiri si achitsulo wamba koma a carbon ceramic, aakulu ngati chivundikiro cha poto wa pa ukwati. Satopa ndi kutentha monga achitsulo, koma akazizira amalira tswii ndipo sagwira mokoma, choncho musadabwe potuluka pa geti. Kapondedwe kake n'kosemphana ndi kamene tinaphunzira ku sukulu yoyendetsa. Pamsewu timayamba pang'ono n'kumawonjezera. Pa bwalo mumayamba ndi mphamvu zonse, galimoto ili chowongoka, kenako n'kumamasula pang'onopang'ono poyandikira kona. Nthawi yoyamba imene ndinachita zimenezi molondola, lamba anandiluma paphewa, chisoti chinatsetserekera pamphuno, ndipo galimoto inatsala pang'ono kuima kona ikadali patali. Mlangizi anaseka n'kuti, "Mwaona? Munali ndi malo okwana basi." Kuzungulira konse kotsatira kunali kuphunzira kukhulupirira phazi limenelo.

Phazi lamanzere likhale pa chopumira chake. Ozolowera kilatchi amatha kuliponyera pa buleki mosadziwa.

Pokhota ndimatani kuti isandizungulire?

Yang'anani kutali. Galimoto imapita kumene maso akuyang'ana, ndipo woyamba kumene amayang'ana pafupi ndi mphuno ya galimoto kapena pa khoma limene akuliopa. Pa bwalo amaika timakoni: koyamba posonyeza poponda buleki, kachiwiri poyambira kukhota, kachitatu mkati mwa kona pamene muyenera kuyandikira, komaliza potulukira. Mukafika pa kamodzi, maso akhale ali kale pa kotsatira.

Chiwongolero chake n'chachangu. Kupotoza pang'ono kumene mu Polo sikuchita kanthu, apa kwakusinthitsani kale mbali. Lowani mu kona modekha, mutuluke mwamphamvu, ndipo moto muziwonjezera pamene mukuwongola chiwongolero, osati chikadali chopindika. Choopsa china ndi kuchita mantha pakati pa kona n'kuchotsa phazi mwadzidzidzi: kulemera kumathamangira kutsogolo, matayala a kumbuyo amapepuka, ndipo popeza injini ili kumbuyoko, matako amafuna kupitirira mutu. Mu Porsche 911 injini ili kumbuyo kwenikweni, kupitirira matayala, n'chifukwa chake zakale zinali ndi mbiri yoluma. Zatsopano kompyuta imagwira zambiri, bola simunazimitse chithandizo chake.

Mlangizi amangokhala, kapena ali ndi buleki yake ngati ku sukulu yoyendetsa?

M'galimoto zina alibe. Ali ndi pakamwa ndi dzanja basi, ndipo moyo wake wauika m'manja mwa mlendo amene wakumana naye mphindi zisanu zapitazo. Amalankhula mawu afupiafupi, nthawi zina amagwira chiwongolero kukukonzani. Akaona kuti mukumvera, amakumasulirani pang'onopang'ono. Akaona matama, amakubwezani ku geti ndipo ndalama sibwera. Musamuuze kuti mwayendetsa zaka 20 popanda ngozi. Wamva zimenezo kwa aliyense.

Ngati pali mwayi woti iye akuzungulitseni kamodzi pomaliza, lipirani. Pamenepo ndi pamene mumadziwa kuti inu munagwiritsa ntchito gawo laling'ono chabe la galimotoyo.

Ndamva kuti ku Johannesburg galimoto zimachepa mphamvu. N'zoona?

N'zoona. Gauteng ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 alionse a mphamvu zake pa mamita 100 alionse okwera, ndiye Huracán ya pa Zwartkops ndi yofooka poyerekeza ndi yomweyo ili pa Killarney m'mphepete mwa nyanja. Za turbo zimataya zochepa chifukwa turbo imakankhira mpweya wambiri mu injini. Inu woyamba kumene simudzazindikira kuti pali chimene chasowa.

Pa zonsezi, ndisankhe iti?

Ngati mukufuna phokoso ndi chithunzi chotumiza kumudzi, Lamborghini. Kampaniyi anaiyambitsa mu 1963 Ferruccio Lamborghini, amene analemera ndi kupanga mathirakitala, ndipo nkhani imene amakamba ku dera limenelo ndi yoti anakangana ndi Enzo Ferrari pa za kilatchi ya Ferrari yake. Huracán zambiri zimakoka ndi matayala onse anayi, choncho zimakhululukira wophunzira. Ferrari chiwongolero chake n'chopepuka, chamoyo, imachita ngati yamva maganizo anu musanapotoze. McLaren sindinaiyendetse, ndinangokhalamo, koma mumaona kunja bwino kuposa zinzake. Imene ndingabwererenso ndi ndalama yanga ndi Porsche 911 GT3. Pa pepala ndi yochepa mphamvu, mahosipawa 510, ndipo ana a kumudzi sangaitembenukire, koma mumakhala bwino, mumaona makona onse, ndipo imakuuzani kudzera m'manja ndi m'chiuno chimene matayala akuchita. Ndi mmene ndinasiya kuopa n'kuyamba kuphunzira.

Bwanji ndingopita kwa ogulitsa n'kunamizira kuti ndikufuna kugula?

Anthu amenewa amaona onamizira tsiku lililonse. Kulowa n'kuona saletsa, koma kiyi amapereka atapangana nanu tsiku, ataona laisensi, ndipo kawirikawiri atakhutira kuti ndalama ilipodi. Galimoto imene yatsopano imadutsa mapaundi 200,000 mtengo wake umatsika ndi kilomita iliyonse.

Kwa amene akufunadi kugula, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito, kuyesa kwake n'kosiyana ndi kwa pa bwalo. Pemphani kuti muipeze injini ili yozizira, mumve mmene ikulirira poyamba. Yendani nayo pang'onopang'ono mumzere wa galimoto, muone ngati giyabokosi ikugwedeza ponyamuka. Kwerani nayo hampu, yesani rivesi, ikani pa malo oimikapo opanikiza. Onani chaka chimene matayala anapangidwa, chifukwa galimoto zotere zimakhalitsa m'galaja ndipo tayala limauma lisanathe. Funsani buku la sevisi, ndipo madisiki a carbon ceramic aja ayezedwe ndi makaniko wodziwa, pakuti kusintha onse anayi ndi mtengo wa galimoto ina.

Nanga ingayende pa M1, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre?

Kuyenda ingayende, pamene tara ali wosalala. Vuto ndi lakuti pansi pake pamatalikirana ndi msewu masentimita 10 kapena 12 okha. Zambiri zili ndi batani lokweza mphuno ndi masentimita anayi kapena kuposa pang'ono, koma limagwira pa liwiro lotsika, ndipo muyenera kulikumbukira pa hampu iliyonse, n'kuikwera chopingasa, tayala limodzi kenako linzake. Werengani mahampu a pa malo ochitira malonda onse a m'njiramo, onjezani msika wa pa Lizulu, njinga za makala, akabaza, ndi maenje a nyengo ya dzinja, mupeza kuti Sienta yodzaza anthu yafika ku Lunzu inu mukadali ku Ntcheu.

Injini zake zimafuna petulo wa octane yokwera, 95 kapena 98, ndipo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu musayerekeze. Matayala a kumbuyo a 488 kapena Huracán ndi otakata mamilimita 305, pamene a Vitz ndi 165 kapena 175, ndipo m'mbali mwake ndi opyapyala moti dzenje limodzi limatha kuphwanya tayala ndi rimu pamodzi. Sipeya mulibe, mumangokhala kabotolo ka guluu ndi kapampu. Likang'ambika pa Phalula, galimoto ikwera lole, inu mukwera basi, ndipo tayalalo muliitanitsa ku Johannesburg.